Mzere wa Sopo

"Ndati tulutsa chimene chili m'thumbamo!"

"Amayi, ndi sopo chabe."

"Sopo chabe? Sopo chabe ndiye wachititsa kuti azakhali ako anditukwane pafoni mpaka khutu kutentha? Tulutsa ndione!"

Nabatani anapisa dzanja m'thumba la diresi n'kuika patebulo kachibenthu ka sopo, kaja kamatsala munthu akasamba mwezi wonse, kopyapyala, kosongoka mbali imodzi. Mayi ake anabwerera m'mbuyo ngati aona chinkhanira.

Phokosolo linadzutsa bambo ake. Iwo ndi mlonda, masana ndiye nthawi yawo yogona, ndipo anatulukira pakhomo la kuchipinda maso ali psuu, bulangete lili paphewa.

"Kodi m'nyumba muno munthu angapume? Kwagwanji?"

"Funsani mwana wanuyu. Wativula pamaso pa achemwali anu. Wakhala akuzemba kukaphunzira kwa matelala ena."

Nkhani yake inali iyi. Nabatani anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi mushopu ya azakhali ake akuphunzira utelala. Kuphunzira kwakeko kunali kusokerera mabatani, kupinda m'munsi mwa masiketi, kusita ndi kusesa tizidutswa, mpaka msewu wonse unaiwala dzina lake n'kumangoti Nabatani. Sizasi yaikulu yodulira nsalu azakhali ankaikhomera m'dirowa. Tsono dzulo lake, iwo atapita kuchipatala kukazonda wodwala, anaiwala kukhoma, ndipo kunabwera mphunzitsi wina wofuna jekete lamsangamsanga. Nabatani anayeza, anadula, anasoka. Mphunzitsiyo atabwera kudzayesa madzulo, jeketelo linamukhala ngati anabadwa nalo. Azakhali pofika analitembenuza kuti aone m'kati, n'kupeza mzere woyera umene sunali wa choko. Anaununkhiza. Mumsewu wonse wa matelala muli munthu mmodzi yekha amene amalemba pansalu ndi sopo, mdala wosoka masuti amene anthu amangowatchula kuti a Kasopo.

"N'zoona zimenezi?" anafunsa bambo ake.

"N'zoona, ababa. Ndakhala ndikupita kwa a Kasopo nthawi ya nkhomaliro, zaka ziwiri tsopano. Ndiwo anandiphunzitsa kudula ndi kuika mkono wa jekete. Lamlungu masana ndimapita kwa Mayi a Velo, aja osoka madiresi a ukwati. Iwo anandiphunzitsa kuyeza thupi la munthu wamkazi, ndi kulankhula ndi kasitomala wovuta osamulakwira."

"Mwamva? Si mmodzi, ndi awiri!" Mayi ake anaomba m'manja kamodzi. "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Iwe sudziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa?"

"Nanga phanga limodzi lodontha, amayi, munthu akhalemo mpaka liti? Zaka sikisi ndili pa batani. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

"Ooh, wasanduka ng'ona? Nyumba tikukhalayi ndi ya ndani? Si ya azakhali ako? Akatiuza kuti tulukani, tikagona m'dziwe lakolo?"

Nabatani analowa kuchipinda chake n'kubwera ndi envelopu. M'katimo munali fomu ya pepala lokhuthala, chithunzi chake atamata kale pakona.

"Ababa, iyi ndi fomu ya mayeso a utelala. Amalola okhawo osapitirira zaka twente faifi, ndipo ine chaka changa chomaliza ndi chino. Ndikakhoza, ndikhala ndi satifiketi, fakitale ya mayunifomu ikhoza kundilemba ntchito. Chatsala ndi chimodzi, kuti amene anandiphunzitsa asaine apa n'kudinda chidindo cha shopu yake. Atseka kulandira mafomu pakatha milungu itatu, Lachisanu."

Bambo ake anaigwira fomuyo ndi nsonga za zala, n'kuyang'ana akazi awo. Bamboyu amathamangitsa mbala ndi chibonga, koma achemwali ake akatsokomola iye amaimirira.

"Tipita mawa," anatero motsitsa mawu. "Ndikalankhula nawo."

Mawa lake anawapeza azakhali atakhala pampando wawo wapakhomo la shopu, tepi yoyezera ili m'khosi. M'katimo makina atatu anali kulira, ndipo onse anasiya kulira nthawi imodzi. Bambo ake a Nabatani anavula chipewa, n'kuyamba ndi moni wautali, za odwala, za mvula. Azakhali anawadula.

"Achimwene, musazungulire. Mwabwera ndi wakuba wanuyu."

"Azakhali, sindinabe kanthu."

"Khala chete! Ndani anakuphunzitsa kulowetsa ulusi pasingano? Unabwera muno manja ali ngati makasu."

"Ndinu, azakhali. Mzere wanga ndi wowongoka chifukwa cha inu, zimenezo sindidzakana mpaka kufa. Koma ndinakupemphani kangati kuti mundionetse kudula? Mumati chaka chamawa."

"Ine ndinakhala zaka teni ndisanagwire sizasi! Zaka teni, ndikuchapa ndi matewera omwe a ana a abwana anga. Ndinafa? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe wathamangira kwa mdala wa pakhonde, msewu wonse udziwe kuti ine sinditha kuphunzitsa. Ukudziwa lamulo lathu matelala, wophunzira wa mnzako samugwira. Mdalayo walakwa, ndipo aona. Koma iwe walavulira m'mbale imene ukudyera."

"Achemwali," bambo ake anayesa, "mwana akalakwa..."

"Mwana? Uyu ndi telala wamkulu, wodula majekete. Tiyeni ndione pepalalo." Anaiwerenga fomuyo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. "Apa alemba kuti amene anamuphunzitsa. Ine ndinamuphunzitsa mabatani basi, wanena yekha. Apite akamusainire amene anamuphunzitsa zenizenizo. Ndipo mushopu muno asapondemonso."

Anamuponyera fomuyo pamiyendo. Bambo ake anavala chipewa, anathokoza, inde anathokoza, n'kutsogola kubwerera kunyumba. Njira yonse sanatembenuke kuyang'ana mwana wawo.

A Kasopo amasokera pakhonde la golosale, ndi makina akale opalasa ndi phazi. Maso awo anayamba kuchita mtambo, moti ulusi amalowetsa pongomva ndi zala. Nabatani anawapeza atangokhala, patebulo palibe nsalu ngakhale imodzi.

"Ndamva, mwana wanga," anatero mdalayo Nabatani asanawapatse n'komwe moni. "Ndinakuuza chiyani tsiku loyamba? N'chifukwa chiyani ine ndimalemba ndi sopo?"

"Munati choko chimakanirira pansalu, koma sopo amathawa simbi yamoto."

"Tsono simbiyo inali kuti?"

"Ndinasita kunja kokha, agogo. Ndinali ndi chimwemwe, ndinaiwala m'kati."

Mdalayo anaseka, kuseka kopanda mano ndi kopanda kukondwa. "Ndaliona jekete lakolo, mphunzitsi uja wadutsa nalo pano. Ndinamuimitsa n'kuligwira paphewa. Mkono ngati umene uja ine ndinauika bwino choncho ndili ndi zaka fote. Iwe wandipitirira. Koma taona patebulo panga. Azakhali ako ndiwo apampando a gulu la matelala. Chiyambire dzana, palibe wanditumizira kasitomala wa suti, ndipo moni wanga akuyankha ndi mphuno."

"Pepani, agogo. Ndakupalamulirani."

"Usapepese. Luso ndikafe nalo kuti likathandize chiswe? Bweretsa pepalalo."

Nabatani anawawerengera. Atafika pa mawu akuti chidindo cha shopu yolembetsedwa, mdalayo anagwetsa manja.

"Apo ndiye pandikanika. Kusaina ndingasaine mpaka kumbuyo komwe. Koma ine shopu yanga ndi khonde lino, mvula ikabwera ndimasuntha. Zaka fote faifi ndikuveka anthu masuti, ena mwa iwo ndi omwe amalemba mapepala ngati amenewa, koma chidindo ndilibe. Pita kwa Mayi a Velo, iwo ali nacho."

Mayi a Velo atangomuona pakhomo, anamukokera m'kati n'kutseka chitseko. Chipinda chonse chinali mbuu ndi madiresi oyera opachikidwa m'mapulasitiki. Chidindo chinali pomwepo patebulo, pambali pa mbale ya mapini, ndipo Nabatani sanathe kuchotsapo maso.

"Wandiululiranji, mwana iwe? Sindinakuuze kuti za Lamlungu ndi za ife awiri?"

"Anandifunsa ndi bambo anga, sindikanatha kuwanamiza. Amayi, ndithandizeni. Ndi kudinda kamodzi kokha."

"Kamodzi kokha kwa iwe. Ine ndili ndi ana anayi. Mwezi ukakhala wopanda maukwati, chimandidyetsa ndi mayunifomu a sukulu, ndipo amene amagawa ntchito imeneyo kugulu ndi azakhali ako. Ndikadinda apa, ndadinda njala ya ana anga. Komanso taona, fomuyi ikuti wakhala pansi panga zaka zitatu, tsiku ndi tsiku. Iwe umabwera Lamlungu lokha. Ndiname? Azakhali ako akakandinenera kuofesi, ndilandidwe ndi chiphaso chomwe?"

"Ndiye nditani?"

Mayiyo anamugwira masaya ndi manja onse awiri. Ankamukonda, zimenezo zinali zoona, koma chikondi cha munthu wamantha sichimufikitsa mnzake patali.

"Ndinakuphunzitsa kuti kasitomala akalusa umatani?"

"Ndimatsitsa mawu, n'kumulola apambane."

"Basi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kagwade. Ndipo potuluka udzere khomo lakumbuyo."

Mlungu wachiwiri Nabatani anapita yekha kuofesi yolandirira mafomu. Anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Kalaliki wa pazenera anamumvetsera bwinobwino, si munthu woipa ayi, kenaka anaika chala pafomupo.

"Chemwali, mwati aphunzitsi anu ndi angati?"

"Atatu. Wina kusoka, wina kudula, wina kuyeza. Ndipatseni nsalu ndi sizasi pompano muone."

"Ndikukhulupirirani. Koma taonani, mpata ulipo apa ndi wa dzina limodzi, ndi chidindo chimodzi. Munthu wa aphunzitsi atatu, papepala pano alibe mphunzitsi. Wotsatira!"

Pofika kunyumba anapeza mayi ake atakhala pansi pakati pa balaza, miyendo atatambasula, ngati pamaliro. Bambo ake anali pampando, nsapato za kuntchito zili m'manja.

"Wabwera, ng'ona?" anatero mayi ake. "Azakhali ako atumiza uthenga. Akuti nyumba ino ikufunika kukonzedwa denga, ndiye tiyambe kuyang'ana kwina mwezi usanathe."

"Denga lake liti? Malata anasintha chaka chatha chomwechi."

"Ukufunsa ine? Ine ndakalamba, mwana iwe. Ndisenze mapoto pamutu ndizizungulira m'misewu chifukwa cha mkono wa jekete? Anzako amapirira. Ukanadekha chaka chimodzi chokha."

"Chaka chimodzi chake chiti, amayi? Chija cha chaka chatha, kapena chija cha dzana? Kodi kufuna kudziwa ntchito ndi tchimo? Ndikanakhala kuti ndimazemba kupita kwa amuna, bwenzi mukuti ndine hule. Ndimazemba kupita kukaphunzira, mukuti ndine wakuba. Ndiye munthu azembere kuti?"

"Ababa ako ali apa, afunse."

Bambo ake anaika nsapato zija pansi.

"Mwana wanga, sunalakwe," anatero. "Ndikudziwa kuti sunalakwe. Koma wamkulu sawuzidwa kuti walakwa. Kapepese. Mwina mtima wawo ukagwa asaina. Ndikupempha ine bambo ako."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa kukalipa konse kwa mayi ake. Anapirira masiku ena asanu, akuyendera mashopu a misewu ina, koma kulikonse mbiri inali itamutsogolera. Telala wina anachita kumuuza ali chikhalire kuti, "Ndiwe uja wa sopo? Pepa, sitifuna milandu." Lachiwiri la mlungu wachitatu anavala diresi lake lakutchalitchi, anatenga envelopu ija, n'kutsatira mayi ake.

Anagwada pasimenti pakati pa shopu, pamaso pa osoka onse ndi makasitomala awiri. Ananena mawu onse amene mayi ake anamuphunzitsa m'njira: kuti anapusa, kuti anamva za anthu, kuti alibe mphunzitsi wina koma azakhali. Ponena mawu otsirizawo anaona nkhope ya a Kasopo m'maganizo mwake, ndipo anachita manyazi.

Chodabwitsa, azakhali sanakalipe. Anamwetulira.

"Dzuka, ndiwe mwana wa mchimwene wanga, magazi ndi amodzi. Alamu, za denga zija muiwale, ndaona kuti likadali bwino. Fomuyo siya pano, ndiiona ndikapeza mpata."

Kenaka anatulutsa kiyi, anatsekula dirowa, n'kutenga sizasi yaikulu ija. Anaiika m'manja mwa Nabatani. Zaka zisanu ndi chimodzi ankailota sizasi imeneyi, ndipo inali yolemera kuposa mmene ankaikumbukirira.

"Waona?" Mayi ake anagwira pachifuwa, misozi ili m'maso. "Waona kudzichepetsa? Alamu, Mulungu akudalitseni."

Azakhali anakankha katani ya kumbuyo. Kuseri kwake kuli kachipinda kosungiramo nsalu, kopanda zenera, babu limayaka usana wonse. Anali ataikamo tebulo. Patebulopo panali nsalu za majekete asanu ndi awiri, iliyonse ndi kapepala ka miyeso. Mphunzitsi uja anali atauza anzake onse a kusukulu kumene anasoketsa jekete lake, ndipo kwa milungu iwiri azakhali ankangowauza kuti mubwere mawa, chifukwa iwo jekete sanadulepo chibadwire.

"Uzidulira muno," anatero. "Kutsogolo kuli phokoso."

Lachitatu Nabatani anafunsa za fomu. Azakhali anati inki ya chidindo yauma. Lachinayi anagula yekha inki n'kubwera nayo, azakhali anati mutu ukuwawawa, sangawerenge zilembo zing'onozing'ono. Lachisanu anafika m'mawa kwambiri. Anapeza osoka anzake okha, akuti azakhali apita kutauni kukaoda nsalu, ndipo makiyi a dirowa apita nawo. Anaimba foni kasanu ndi kawiri, osayankhidwa. Anaima pakhomo kuyang'ana minibasi iliyonse yoima pasiteji, mpaka mthunzi wa golosale unawoloka msewu. Azakhali anatsika itadutsa faifi koloko, atanyamula mpukutu umodzi wa nsalu yakuda.

"Ayi, lero linali Lachisanu? Taona ukalamba! Usadandaule, tidzaona chaka chamawa."

"Chaka chamawa sadzandilola, azakhali. Munawerenga nokha."

"Ndiye kuti sizinalembedwe. Tenga nsaluyi, ndi ya ahedi a kusukulu kuja."

Nabatani anabwerera kunyumba. Mayi ake anali kuimba nyimbo ya kwaya akutsuka mbale. Bambo ake anamuyang'ana kamodzi, anamvetsa, ndipo ananyamuka kupita kuntchito nthawi isanakwane.

Lolemba m'mawa Nabatani anadutsa pagolosale. Pakhonde paja panali mayi wogulitsa tomato. Mwini golosale anati mdala uja mwana wake anabwera kudzamutenga Loweruka, makina anakweza pangolo. Anasiya kaphukusi kakang'ono ka nyuzipepala kuti apatsidwe mtsikana wa mabatani. Munali tizibenthu ta sopo tisanu, tonse tosongoledwa kale.

Atafika kuseri kwa katani, azakhali anamuponyera patebulo pepala lodulidwa mokhota.

"Ahedi akufuna kolala ngati ya jekete lawo lakale. Ndakujambulira patani, uzigwiritsa ntchito imeneyi. Pepala lake ndi lolimba bwino, likhalitsa."

Nabatani analitembenuza. Kumapeto kwa kolalayo kunali theka la chithunzi chake, diso limodzi ndi khutu. Pakati pake panadutsa mzere wa madontho, pamene panalembedwa kuti dzina la mphunzitsi, ndipo panali poyera.

Sanalire. Anangokhala pampando, manja ali pamiyendo, akumva zonse za kutsogolo, chifukwa katani si khoma. Kunabwera mmodzi wa aphunzitsi aja kudzatenga jekete lake. Anamumva akuvala, akuyenda uku ndi uku.

"Mayi, dzanja lanu ndi lodalitsika. Paphewa apa ngati munandiumba ndinu!"

"Ndi zaka, bambo," anayankha azakhali. "Ntchito imafuna kudekha."

Mphunzitsiyo atatuluka, mayi wina wa m'gulu la matelala, amene anabwera kudzacheza, anafunsa chapansipansi ngati mtsikana uja anamusainira. Azakhali anaseka, osatsitsa n'komwe mawu.

"Ndimusainire apite kufakitale? Nanga muno azindidulira ndani?" Kenaka anakweza mawu. "Iwe Nabatani! Sizasi sindikuimva kulira. Ndipo ukamaliza usite bwino m'katimo, wamva? Sopo wakoyo asaoneke."

"Ndamva, azakhali."

Anayala nsalu yakuda ija, anaisalaza ndi chikhatho monga anamuphunzitsira azakhali, anaonanso miyeso monga anamuphunzitsira Mayi a Velo. Anaika patani ija pamwamba, diso lija likumuyang'ana. Anamasula kaphukusi ka a Kasopo, anasankha kachibenthu kamodzi, n'kuyamba kulemba mzere mozungulira. Mzerewo unatuluka wowongoka bwino, ndipo simbi inali itayamba kale kutentha.